Vani ya ku Lusaka nthawi yachisanu: siyani za mchere, onani fumbi

Achimwene, mwafunsa ngati Hilux mwagulayo ikufunika kuipopera mankhwala oletsa dzimbiri kunsi chisanu chisanafike, monga mwaonera pa YouTube, komanso ngati kuitsuka kamodzi pa sabata n'kokwanira. Ndiyankha motalikirapo, poti ndaona ena ayamba kale kukutumani kukagula zinthu zomwe vani yanu sikuzifuna.

Ambiri mwa opanga mavidiyo aja ali ku Canada, ku America kapena ku UK. Kwawoko misewu imaundana, ndiye amathiramo mchere kuti madzi oundanawo asungunuke, ndipo mcherewo ukakakamira kunsi kwa galimoto chasisi imadyeka. Kuno zimenezo kulibe. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti kumakhala kouma gwa, mvula timaiona cha mu Novembala, ndipo mu Juni ndi Julayi usiku kumatsika kufika cha pa madigiri 10, nthawi zina kutsikirako pang'ono. Kuzizira kotereku kumasautsa ife eni ake, chitsulo sichimvako kanthu. Za mchere zingakukhudzeni pokhapokha ngati vaniyo idagwirako ntchito ku UK kapena kumpoto kwa Japan isanabwere kuno. Zikatero ikwezeni kwa makaniko, mutenge tochi muunike chasisi yonse, makamaka kumbuyo pomwe pamagwira masipuling'i ndi pamwamba pa tayala la sipeya. Dzimbiri longofiirira pamwamba lipaleni ndi bulashi ya waya n'kupakapo penti. Koma chitsulo chikamayoyoka mukachigogoda, imeneyo ndi ntchito ya wowotcherera, mankhwala opopera angobisa bala.

Mdani wathu weniweni ndi fumbi, ndiye pano ndikhalitsapo. Mwayenda dzulo msewu wafumbi wa ku Chalala kapena mwatsata malole mu Mumbwa Road, vani yagona panja. Usiku mame agwa, m'mawa pa bonati pali kaphala kofiirira. Mnyamata wa panyumba, pofuna kukusangalatsani, watenga mutton cloth youma, wapukuta, vani yang'anima, inu mwanyamuka ulendo wa ku ntchito. Komatu fumbi lija ndi timchenga, ndipo kulipukuta louma kuli ngati kupala penti ndi sandpaper. Ikafika 12 koloko imani pambali muyang'anitsitse bonatiyo padzuwa, muona timizere tozungulirazungulira. Timeneti sitichoka ndi madzi, ndipo pa galimoto yakuda kapena yabuluu timaonekera patali. Ine ndimati bola vani iyende ndi fumbi lake sabata yonse kusiyana n'kuti iziipukuta youma m'mawa uliwonse. Nthenga zophumulira fumbi zomwe amagulitsa pa ma robot zija nazonso ndi chimodzimodzi.

Potsuka, madzi ayambe okha kutsitsa fumbi kuchokera padenga kupita pansi, dzanja lisanakhudze penti. Khalani ndi ndowa ziwiri, ina ya sopo ina ya madzi otsukuluzira nsalu, kuti mchenga wochokera pa galimoto usabwerere pa galimoto. Nsalu ya matayala ikhale ya matayala basi. Ku car wash ndi pamene muyenera kuimirira n'kumaona: ndowa imodzi yomweyo yatsuka minibasi, yatsuka malimu, kenako ikubwera pa chitseko chanu. Auzeni mwaulemu asinthe madzi, kapena muzipita ndi nsalu zanu za microfibre. Sopo wa ufa wochapira zovala ndi wotsukira mbale ayi. Amachotsa polishi yense n'kuumitsa malabala. Shampu ya galimoto botolo limodzi limakhalitsa ndithu.

Kamodzi pa sabata n'kokwanira ngati mumayenda pa tala. Ngati kwanu n'kwafumbi, pakati pa sabata ingotsirani madzi osakhula.

Madziwo nawonso ali ndi vuto lawo. Lusaka idakhala pa miyala ya laimu, yomweyo imene imapangitsa kuti ku Chilanga kukhale fakitale ya simenti, choncho madzi a m'borehole zambiri ali ndi laimu wochuluka. Amene mumawiritsa madzi amenewa m'ketulo mukuzidziwa zoyera zomwe zimakanirira mkati zija. Zomwezo ndi zimene zimatsala pa penti ndi pa magalasi dontho likaumira padzuwa. Ndiye musatsukire padzuwa kapena bonati ikadali yotentha. Pezani mthunzi, kapena dikirani madzulo, ndipo mukangotsukuluza pukutani ndi shame (kachikopa kofewa kopukutira galimoto) kapena microfibre yoyera madzi asanaume okha. Madontho akale pa galasi amachoka ndi viniga woyera wosakaniza ndi madzi theka ndi theka.

Polishi wa wakisi pakani kawiri pa chaka, ine ndimakonda mu Meyi ndi mu Okutobala. Anthu amaiwala kuti tili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,280, ndipo miyezi ino kumwamba kulibe mtambo. Mphepo imatinamiza kuti dzuwa lafooka, pomwe likuwotcha penti ndi dashibodi tsiku lonse. Magalimoto osupuka padenga ndi pa bonati mumawaona mu Cairo Road aja ambiri adapsa ndi dzuwa lomweli. Kuimika pansi pa mtengo n'kwabwino, koma zitosi za mbalame ndi za mileme muzichotse tsiku lomwelo, mutazinyowetsa kaye.

Kumbuyo konyamulira katundu ndi komwe dzimbiri la kuno limayambira, ndipo eni mavani ambiri sayang'anako. Ino ndi nthawi yotuta chimanga, makala ndi manyowa a nkhuku, kenako kubwera matumba a D Compound ndi urea. Feteleza amakoka chinyezi ndipo amadya chitsulo msanga. Manyowa nawonso n'chimodzimodzi. Thumba likang'ambika pang'ono, timibulu timalowa m'makona ndi pansi pa mphasa ya labala, mame n'kumatinyowetsa usiku uliwonse. Mukatsitsa katundu wotere tsukani tsiku lomwelo, mphasayo muichotse, ndipo timabowo totulutsira madzi kutsogolo kwa bodi mutitokose ndi kawaya chifukwa timatsekeka ndi matope ouma. Ngati muli ndi kandalama kopopera chinachake, poperani labala kumbuyo kuno. Kumeneko ndiye kungakupindulitseni kuposa zija za mu vidiyo.

Chimanga chotayikira m'makona chimaitananso makoswe. Kukazizira amakonda kufunda pa injini yomwe yangozimitsidwa, ndipo mawaya amawatafuna. Pa ma Hilux a masiku ano, kawaya kamodzi ka sensa kakaduka mudzazungulira magalaja. Muzitsegula bonati apo ndi apo muone ngati muli zitosi, zisononkho kapena tinsanza.

Pali chizolowezi chopopera oyilo wakale kunsi kwa galimoto, ati kuteteza dzimbiri ndi kuletsa masipuling'i kulira. Ine sindigwirizana nazo. Oyiloyo amagwira fumbi n'kupanga phala lokhula, amafewetsa mabushi a labala, ndipo akadontha pa mabuleki mwadziputira ngozi. Kunsi kumangofuna madzi amphamvu kamodzi pa mwezi, makamaka m'mphepete mwa matayala momwe mudatsala matope a dzinja lathali, kenako girisi pa ma nipple (timilomo tolowetsera girisi) a propshaft, chitsulo chachitali chozungulira chomwe chimapititsa mphamvu ya injini ku matayala. Koma madzi amphamvu omwewo asaloze pa alternator, pa mafyuzi kapena pa mapulagi a mawaya m'injini.

Za pansi pa bonati ndingodutsamo. Air filter muziiona pafupipafupi kuposa momwe buku likunenera ngati mumayenda m'fumbi. Igogodeni pang'ono, osaiphulitsa ndi kompulesa chifukwa pepala lake likabooka fumbi lonse lipita m'injini. Sefa ya mpweya wa m'kabini ili kuseri kwa glove box, ambiri sadziwa n'komwe kuti ilipo. Batire lotopa limadziulula m'mawa wa mu Julayi, ndiye likayesedwe tsopano, mitu yake muitsuke n'kumangitsa. Ngati ndi ya dizilo, dikirani kanyale ka pa dashibodi ka ma glow plug (otenthetsa m'injini) kazime musanalize. Mu radiator musamathire madzi a m'borehole. Sitiopa kuundana kuno, koma coolant ili ndi mankhwala oletsa dzimbiri, pomwe madzi athu amasiya laimu m'timapaipi. Mpweya wa matayala umatsikako kukazizira, choncho muziuyeza m'mawa musanayende mtunda, motsata manambala olembedwa pa mphuthu ya chitseko cha dalaivala.

Ma wiper musawayatse pa galasi louma lafumbi, amasiya mizere yomwe idzakuthobwani m'maso usiku mu Great East Road mukamakumana ndi malole. Kabotolo ka madzi kazikhala kodzaza, ndipo malabala ake mudzasinthe cha mu Okutobala, popeza dzuwa ndi mphepo ya mu Ogasiti zidzakhala zitawaumitsa mvula isanayambe. Mukatha kuunika kunsi kuja, munditumizire zithunzi za chasisi tione ngati dzimbirilo ndi longopala kapena ndi la wowotcherera.