Za mbewa zodwala minofu zija, achimwene a ku Senga Bay

Achimwene, mwafunsa kuti bwanji mbewa zoyeserapo matenda a Duchenne, obadwa nawo ofooketsa minofu, zimathamangabe pomwe mnyamata wodwala matendawa amasiya kuyenda akamayandikira zaka 12. Izitu si mbewa zapandodo zomwe timagula mumsewu wopita ku Lilongwe. N'zoweta m'labotale, amazitcha mdx, anazitulukira mu 1984. Zilibe dystrophin, puloteni yolimbitsa timaulusi ta mnofu kuti tisamang'ambike.

Mbewayo ikakwana masabata 3, timaulusi timayamba kufa tambirimbiri. Koma m'mbali mwake muli maselo ogona, amene amadzuka n'kumanga tatsopano. Pa maikulosikopu kaulusi komangidwanso sikabisala: nyukiliyasi yake, kachigawo kolamulira ntchito za selo, imakhala pakati penipeni, pomwe kabwinobwino imakhala m'mphepete. Tina tonenepa, tina toonda, sitifanananso.

Vuto limadza ndi ukalamba. Inu mumaudziwa ukonde wa chilimira wosokedwa kambirimbiri, pomwe pali mfundo ndi pomwe pamadukanso. Kaulusi komangidwa mobwerezabwereza kamachita mphanda, ndipo pamphandapo ndi pofooka, pamang'ambika mnofu ukakokedwa mwamphamvu. Mnofu wopumira wa pansi pa mapapo ndiwo umaonongeka kwambiri, umadzaza zipsera n'kuuma gwa.

Chomwe chimapulumutsako mbewa ndi utrophin, puloteni yofanana ndi dystrophin, yomwe imachuluka n'kugwirako ntchitoyo. N'chifukwa chake ine ndikamva kuti mankhwala achiza mbewa sindithamangira kuomba m'manja. Mwa mwana wa munthu kumanganso kumatopa msanga, mafuta ndi zipsera n'kulowa m'malo mwa mnofu. Akatumba a kumwendo amaoneka otupa ngati amphamvu, chonsecho mwanayo akudzuka pansi mogwira mawondo.