Ati za kukoleji muzisiye pageti, ndiye mumvere ndani?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mchemwali wina amene wangoyamba kumene TP, nthawi imene ophunzira uphunzitsi amakayeserera kuphunzitsa kusukulu ya pulayimale. Ati tsiku loyamba lomwelo menta wake, mphunzitsi wapasukulupo amene akumuyang'anira, anamuuza kuti za kukoleji zija azisiye pageti, kuno n'kwina. Ndiye akufunsa kuti amvere ndani, alekichala amene adzabwere kudzamupatsa malikisi kapena menta amene akukhala naye tsiku ndi tsiku.

Achemwali, imelo yanuyi ndinaiwerenga katatu ndipo ndachedwa kuyankha chifukwa mwaponda pachilonda. Mawu amenewo anandiuzapo ine ndendende, mpaka ndinayamba kuganiza kuti mwina amenta onse amawaphunzitsa chiganizo chimenechi pa tsiku limodzi. Kwa amene simukudziwa mmene IPTE, pulogalamu yophunzitsa aphunzitsi a pulayimale, ikuyendera masiku ano, timakhala matemu awiri kukoleji, matemu awiri kusukulu ya pulayimale kukaphunzitsa, kenako matemu awiri omaliza kubwereranso kukoleji. Kale inali chaka chimodzi mkati chaka china kunja, anasintha mu 2017. Ine pano ndili m'matemu omalizawo, choncho fumbi la choko likadali m'mphuno.

Anandipatsa sitandade 4. Mu rejisitala munali mayina 132, ngakhale sanabwerepo onse tsiku limodzi, Lachisanu ankachepa, mvula ikagwa ankachepa kwambiri. Ine ndinafika ndi fayilo yanga yooneka bwino, masikimu olemba ndi rula, lesoni pulani iliyonse ili ndi zizindikiro za kakhonzedwe, chiyambi, masitepe, mathero, komanso njira zija timazitchula monyada kukoleji, ntchito ya m'magulu, ganizani awiriawiri kenako gawanani, kuyenda n'kumaona ntchito za anzawo pakhoma. Tsiku loyamba ndinati ana khalani m'magulu a anthu sikisi. Taganizani ana opitirira 100 okhala pansi, mawondo atagundana, aliyense akufuna gulu la mnzake, wina waponda kope la wina, wina akulira, ndipo piriyodi ndi mphindi 35 zokha. Pamene magulu amakhazikika belu linali litalira kale. Menta wanga anali ataima pakhomo manja atapinda, sanaseke, anangoti, "Aphunzitsi, mwamaliza?"

Mayi ameneyu ndinamuda sabata ziwiri zoyamba, ndisaname. Ankaphunzitsa mwa njira imene alekichala athu amaitcha yachikale, kunena mawu ana n'kubwereza, kuimba, kuwomba m'manja. Ine mumtima ndinkati awa ndi amene akupha maphunziro m'dziko muno. Pambuyo pake ndi pamene anandifotokozera kuti iwo analowa uphunzitsi pa nthawi imene boma la a Bakili Muluzi linachotsa fizi ya ku pulayimale mu 1994, ana anachoka pa 2 miliyoni osakwana kufika cha m'ma 3 miliyoni chaka chimodzi chokha, ndiye boma linalemba anthu masauzande ambiri osaphunzira uphunzitsi, kuwapatsa kamaphunziro ka masabata ochepa n'kuwaponya m'kalasi. Satifiketi yawo anadzaipeza kudzera mu MIITEP, pulogalamu yophunzitsa aphunzitsi amene ali kale pantchito, miyezi itatu kukoleji nthawi yotsalayo ali pantchito. Kunena kwina, mayi ameneyu anaphunzira uphunzitsi ana ali kale pamaso pake, ndipo kalasi ya ana 40 sanaionepo chiyambire.

Koma nkhani imene inandisintha maganizo si imeneyo. Ndi ya tsiku la supavishoni.

Tinamva kutatsala masiku awiri kuti alekichala akubwera. Usiku wonse ndinali pa makatoni, kudula, kujambula, kumata, zitsekero za mabotolo ndinatola thumba lathunthu, paja TALULAR amati gwiritsani ntchito zimene zikupezeka pomwe muli. Dzulo lake phunziro lomwelo ndinaliphunzitsa kale mwakachetechete, ndipo musandiyang'ane choncho, aliyense amene wapanga TP akudziwa kuti zimachitika. Ana anzeru aja ndinawamwaza gulu lililonse m'modzi. Tsikulo litafika zinayenda ngati mafuta, ndikafunsa funso manja m'mwamba kalasi yonse, "ine sala, ine sala," zala zikulira, alekichala kumbuyo akungochonga pa fomu yawo. Anandipatsa malikisi apamwamba kuposa onse amene ndinali nawo pasukulupo ndipo analemba kuti ophunzira onse anatenga nawo mbali. Galimoto itangotuluka ndinamva ngati ndakhoza kale.

M'mawa mwake ndikuchonga makope ndinafika pa kamtsikana kena kamene kankakhala pakhoma cha kumanzere, kachete, kaukhondo, kolemba bwino kuposa ine. Kope lake linali loyera, chilichonse cha pabolodi chinalimo, deti, mutu, mzere pansi pake. Ndiye ndinangoti mwa macheza, tawerenga apa. Chete. Ndinaloza liwu limodzi lokha, "madzi". Anayang'ana liwulo, anayang'ana ine, kenako anayamba kupotokola kansalu ka diresi lake. Ndinaloza "ma" yekha. Anati "a". Mwana ameneyu zaka zinayi zonse wakhala akujambula malembo ngati mmene munthu amajambulira duwa, osadziwa kuti amalira bwanji, ndipo dzulo lake dzanja lake linali m'mwamba limodzi ndi anzake chifukwa anaona kuti lero ndi tsiku lokweza manja.

Ndinapita kwa menta ngati ndatulukira chinthu chachikulu. Iwo sanadabwe n'komwe. Anatchula dzina lake, kenako anatchula ena, ena, ena, mpaka anakwana 30 ndi kanthu, pamtima, osayang'ana pena paliponse, uyu amadziwa maphatikizo koma sangalumikize, uyu samva bwino khutu lakumanja muzimuika kutsogolo, uyu wabwereza kawiri ndipo akuchita manyazi chifukwa ndi wamkulu. Ine ndi fayilo yanga yokongola ija sindinkadziwa ngakhale mmodzi.

Ndiye pano ndinene mosapsatira, ndipo ena kukoleji kuno sakondwa nazo. Mmene amatiyesera pa TP n'zachinyengo, ndipo tonse tikudziwa. Munthu amabwera kangapo pa matemu awiri, kukhala mphindi 35, kuona sewero limene wakonzeredwa, kuchonga kuti zipangizo zinalipo, mawu ankamveka, bolodi linagawidwa bwino, basi wapita. Palibe bokosi pa fomu ija lofunsa kuti mwa ana awa ndi angati amene sankawerenga temu itayamba koma pano akuwerenga. Sindikuwanena alekichala ngati anthu ayi, ambiri ndi akhama ndipo masukulu oti ayendere ndi ambiri, galimoto imodzi. Koma chimene umayesa ndi chimene anthu amachiphunzira, ndiye ife tikuphunzira kukonza sewero. Tikamaliza, kukabwera a PEA, alangizi a maphunziro a pulayimale, kuchokera ku TDC, likulu la masukulu a m'zoni, tidzachitanso chimodzimodzi, makatoni omwe aja kuwapukuta fumbi.

Ndipo vutoli silinayambire pa ife. Silabasi ndi mabuku zimakonzedwa ndi bungwe la MIE ku Domasi, ndipo chiyambire silabasi ya pulayimale yotchedwa PCAR cha m'ma 2007 chilichonse chimati mwana akhale pakati, aphunzitsi angotsogolera. Maganizo abwino zedi, ine ndimagwirizana nawo. Koma boma lomwelo cholinga chake ndi ana 60 pa mphunzitsi mmodzi, 60 imeneyo ndi maloto amene sitinawafikebe m'masukulu ambiri makamaka m'makalasi aang'ono, pamene njira zimene tikuphunzirazi zimafuna kalasi yoti mphunzitsi angathe kuyenda pakati pa ana osaponda munthu. Nanga bwanji kukoleji kulibe phunziro lenileni la mmene ungaphunzitsire ana 120 buku limodzi ana asanu? Timapanga ma micro teaching kuphunzitsa anzathu 15 akuluakulu odziwa kale mayankho, ena akunamizira kukhala ana osamvera kuti tiseke. Kenako akuti takonzeka.

Ndikayamba za chiyankhulo ndiye sitimaliza lero. Kamtsikana kaja chaka chino kali sitandade 5 ngati sikanabwereze, ndipo kuyambira sitandade 5 maphunziro onse kupatula Chichewa ali m'Chingerezi, mayeso a MANEB a sitandade 8 nawonso chimodzimodzi. Mwana amene sanathe kuwerenga "madzi" akayambe sayansi m'chiyankhulo chimene amangochimva m'kalasi basi. Ndipo musaiwale kuti kuli ana a Chiyao, Chitumbuka, Chisena, Chilomwe, Chitonga amene ngakhale Chichewacho n'chachilendo pofika sitandade 1. National Reading Programme inayamba mu 2016 kuti ana a sitandade 1 mpaka 4 adziwe kuwerenga, ndipo buku la mphunzitsi lake limakuuza chilichonse choti unene, ine ndichite, tichite limodzi, inu muchite. Poyamba ndinkaliona ngati likundichepetsa nzeru. Koma nditayamba kukhala ndi ana osawerenga aja pansi pa mtengo akaweruka anzawo, masitepe omwewo ndi amene anandithandiza, liwu ndi liwu, phatikizo ndi phatikizo. Ndiye onani, zina za kukoleji zimagwira ndithu.

Za amenta

Apa ndisawakometse kwambiri. Wanga ndinachita naye mwayi. Mnzanga wina pasukulu yomweyo menta wake atangoona kuti kwabwera ma student anatenga ngati holide, kumusiyira kalasi yonse maphunziro onse kuyambira m'mawa mpaka kuweruka, iye ali pansi pa mtengo ndi foni, ndipo fomu yoti aone phunziro ankangosayina osalowa m'kalasi. Kwa anthu otere mawu oti "za kukoleji muzisiye pageti" amatanthauza kuti musandivutitse, musandichititse manyazi pamaso pa ahedi ndi khama lanulo. Ena amakuuzanso kuti popanda kamkwapulo ana awa simungawathe, pamene kumenya ana kusukulu n'koletsedwa ndipo woyamba kugwa nazo ndi iwe wophunzira, amene ulibe ngakhale nambala ya ntchito. Komanso ndimawamvetsa pang'ono, munthu wakhala pa giredi imodzi zaka zambirimbiri, ndiye kukubwera kamwana ka dzulodzulo ndi mapepala kudzamuuza za njira zamakono. Nafenso timafika ndi matama, tivomereze. Ine ndinafika nawo.

Ndiye palinso ija imatilepheretsa tulo tonse, yoti ukamaliza umakakhala pakhomo kudikira kulembedwa ntchito, magulu a IPTE am'mbuyomu ena anadikira zaka, ena kulowa kaye ngati aphunzitsi othandizira, ana ali 130 m'kalasi aphunzitsi ophunzira bwino ali pakhomo. Imeneyo ndidzailemba payokha chifukwa ndikaiyamba pano ndipsa mtima.

Tibwerere kwa inu achemwali. Masikimu, lesoni pulani, ma rekodi ndi SEJ, buku lolembamo zimene mukukumana nazo pa TP, lembani mmene akufunira kukoleji, tsiku ndi tsiku osadikira kumva kuti akubwera, chifukwa malikisi ali m'manja mwawo ndipo satifiketi mukuifuna. Menta musatsutsane naye pamaso pa ana kapena pa aphunzitsi ena, muzimufunsa kuti "madamu, apa inu mumatani," ndipo sabata yoyamba mupemphe mungokhala kumbuyo kuona mmene amakhazikitsira kalasi chete. Magulu apangeni kamodzi akhale okhazikika temu yonse, aliyense adziwe malo ake, pena awiriawiri pomwe akhalapo basi zimakwana. Ndipo sabata ino yomwe, tengani ana asanu patsiku, aliyense payekha, mumulozere mawu atatu awerenge, mulembe mayina a amene alephera kumapeto kwa kope lanu.

Kamtsikana kaja pofika kumapeto kwa temu yachiwiri kanali katayamba kuwerenga mawu a maphatikizo awiri, pang'onopang'ono, chala chili pansi pa liwu. A maphatikizo ngati "nkhwa" ndi "mphe" ankamuvutabe pamene ndinkachoka. Ndinasiya mndandanda wa mayina uja kwa menta ngakhale sankaufuna, anali nawo kale m'mutu. Mundilembere mukamaliza kuyesa anawo, ndikufuna ndidziwe kuti kalasi yanu mwapeza angati.