Msilikali amene anavula yunifolomu n'kukapempha mavoti

Mayi wina wanditumizira imelo. Mwana wawo wangolowa kumene usilikali, ndipo akufunsa ngati msilikali angafike pokhala nduna ya boma popanda kulanda ulamuliro ndi mfuti.

Mayi, zimatheka ndithu. Ndikuuzeni za Mike Kelly wa ku Australia.

Iyeyu anabadwa mu 1960, anaphunzira zamalamulo, ndipo analowa usilikali mu 1987 ngati loya wa gulu lankhondo. Mu 1993 anamutumiza ku Baidoa, ku Somalia, pamodzi ndi gulu la asilikali a ku Australia lotchedwa 1RAR. Mu 1992 njala ndi nkhondo zinali zitapululutsa anthu mumzindamo moti atolankhani ankautcha mzinda wa imfa. Polisi kunalibe, makhoti anali atatsekedwa, aliyense wa mfuti ankadzichitira zofuna zake.

Apa ndi pamene ndimamupatsira ulemu. Asilikali akanatha kungogwira zigawenga n'kuziweruza okha. Koma Kelly ndi anzake anathandiza kudzutsa polisi ndi makhoti, oweruza ake ali Asomali eniake, akutsata malamulo a dziko lawo a mu 1962. Mtsogoleri wina wa zigawenga, Gutaale, amene anthu ankamuopa kwambiri, anaimirira pamaso pa oweruza, mboni zinalankhula, ndipo anapezeka wolakwa pa milandu yakupha. Anamugamula kuti aphedwe. Chilango chimenecho ine sindigwirizana nacho, koma tangoganizani mayi woferedwa akuona wopha ana ake akuyankha mlandu m'khoti la kwawo.

Anatumikiranso ku Bosnia, East Timor ndi Iraq, mpaka kufika pa udindo wa Colonel. Mu 2007 anatula pansi usilikali. Mawu amenewa muwagwire, mayi: anayamba wavula yunifolomu. Kenaka anakaimira chipani cha Labor m'dera la Eden-Monaro ku New South Wales, nayenda m'matauni kupempha mavoti ngati wina aliyense, ndipo anagonjetsa Gary Nairn, amene anali phungu wa deralo.

Unduna weniweni sanaudyerere nthawi yaitali. Julia Gillard, amene anali nduna yaikulu ya dzikolo, anamusankha kukhala nduna yoona zogula zida ndi katundu wa asilikali kumayambiriro kwa 2013, koma pofika Seputembala chipani chake chinagwa pachisankho, iyenso n'kuluza mpando wake wa uphungu kwa Peter Hendy wa chipani cha Liberal. Munthu wodziwa mfuti uja anangolongedza katundu n'kubwerera kunyumba. Anadikira zaka zitatu, naimanso mu 2016, anthu n'kumubwezera mpando.

Chimene chinamuchotsa ku Nyumba ya Malamulo mu 2020 ndi impso. Iye mwini ananena kuti zinawonongeka chifukwa chosowa madzi m'thupi pamene ankatumikira m'mayiko otentha aja, ndipo anachitidwa maopaleshoni angapo. Izi zimandikhudza kwambiri, mayi. Mwana wanu akamaimba foni kuchokera kumene amutumiza, muzimufunsa ngati akumwa madzi okwanira.