Kodi Khoma la Konkire Losapaka Pulasitala Lingatheke ku Mangochi?

Funso: Ndine mmisiri womanga nyumba kuno ku Mpondasi. Bwana wina wandionetsa chithunzi cha nyumba ya Avraham Yaski, makoma ake konkire yokhayokha, ndipo akufuna zomwezo. Kodi Yaski anali ndani, nanga zingatheke kuno?

Yankho: Zikomo bambo. Yaski, katswiri wojambula mapulani a nyumba wa ku Israel, anabadwira ku Chișinău (lero ndi likulu la dziko la Moldova) mu 1927, banja lake linasamukira ku Palestine mu 1935, ndipo luso lojambula mapulani analiphunzira ku yunivesite ya Technion, mumzinda wa Haifa.  Anamwalira mu 2014. Chomwe chinamutchukitsa ndi konkire yosabisa ndi pulasitala, monga mdadada wa nyumba wotalika pafupifupi mamita 250 womwe anajambula ndi katswiri mnzake Amnon Alexandroni mumzinda wa Beersheba ku Israel.

Kutheka n'zotheka, koma Beersheba ili m'chipululu: usiku kumazizira, mvula ndi yochepa. Kuno m'mwezi wa Okutobala khoma lotere limamwa dzuwa tsiku lonse n'kumalavula kutenthako usiku anthu atagona, ndipo m'dzinja limachita ndere zakuda. Auzeni bwanawo mosabisa kuti pafunika khonde lalikulu, makamaka kumadzulo, ndi mazenera oyang'anizana kuti mphepo ya kunyanja izidutsa.

Pakathiridwe ndi pomwe ambiri amagwa, chifukwa palibe pulasitala wobisa zolakwa. Sakanizani muyezo umodzi wa simenti, umodzi ndi theka wa mchenga, itatu ya miyala. Madzi asapitirire malita 25 pa thumba la makilogalamu 50; mukachulutsa, khoma limafooka n'kuchita ming'alu. Mchenga wa mumtsinje muuyese kaye: uikeni m'botolo la madzi, khutchumulani, mudikire udikhe. Matope akaoneka ochuluka pamwamba pa mchengawo, utsukeni.

Matabwa akhale osalala, opakidwa mafuta, othinana bwino, poti msuzi wa simenti ukadontha pamatsala mabowo ngati chisa cha njuchi. Thirani pang'onopang'ono, osaposa masentimita 45 nthawi imodzi, mukutsendera ndi vaibureta (makina ogwedeza konkire kuti ithinane). Zitsulo zitalikire matabwa ndi masentimita 3 kapena 4, apo ayi dzimbiri lidzatulukira kunja n'kuswa konkire.

Thirani m'mamawa kusanatenthe. Mukachotsa matabwa, phimbani khomalo ndi masaka onyowa, ndipo lisaume kwa masiku 7.