Sizoni imodzi si chaka chimodzi nthawi zonse

Achimwene, mwafunsa kuti popeza sewero la pa kanema la Star Trek: The Next Generation (TNG) lili ndi masizoni 7, kodi m'nkhanimo munadutsanso zaka 7, nanga bwanji masiku ake akukana kugwirizana mukamawerengera. Inenso funso limeneli linandisowetsa tulo nthawi ina, mpaka ndinadzaza kope ndi manambala ngati ndikukonzekera mayeso.

Kwa TNG yankho ndi eya, koma musalikumbatire ndi manja awiri. Olemba ake anakonza zoti manambala 1000 a stardate, nambala yosonyeza tsiku m'nkhanimo, aziimira chaka chimodzi. Sizoni yoyamba, yomwe inayamba kuonetsedwa mu September 1987, ma stardate ake amayamba ndi 41, yachiwiri 42, mpaka 47 pa sizoni yomwe inatha mu 1994. M'gawo lomaliza la sizoni yoyamba Data, loboti looneka ngati munthu la m'chombo cha m'mlengalenga cha Enterprise, amanena ndi pakamwa pake kuti chaka ndi 2364, ndiye yomaliza ikugwera mu 2370. Deep Space Nine (DS9), sewero lina la Star Trek, itayamba mu January 1993 inatengera pa 46, kusonyeza kuti zake zikuchitikira limodzi ndi sizoni 6 ya TNG.

Mpaka apa zonse zili bwino. Chisokonezo chimabwera mukafuna mwezi ndi tsiku. Ku America sizoni inkayamba cha mu September n'kutha mu May kapena June, pomwe ife owerengera timafuna kuti 000, manambala atatu otsatira 41 kapena 42 uja, akhale January 1. Taonani gawo lija la The Best of Both Worlds. Kaputeni Picard wagwidwa ndi adani otchedwa a Borg, wachiwiri wake Riker walamula Worf, mkulu wa chitetezo, kuti awombere, chithunzi n'kuzima. Umo munali mu June 1990, ndipo anthu anadikira mpaka September kuti aone zotsatira. M'nkhanimo simunadutse ngakhale mphindi, koma stardate inachoka m'ma 43 kulowa m'ma 44. Ndiye kuti nkhondo yonse ija inachitika chakumapeto kwa December? Palibe aliyense m'chombomo amene anatchulapo za chaka chatsopano. Chinanso, m'gawo la Data's Day, pa stardate 44390, Data akuti m'chombomo mukukondwereredwa chikondwerero cha nyali cha Ahindu. Mukawerengera, 390 ikukufikitsani mu May, pomwe chikondwererochi, Diwali, chimakhala mu October kapena November. Apa ndi pomwe ndinatseka kope langa lija.

Sewero lina, Babylon 5, ndilo linachita zinthu mwadongosolo: masizoni 5, zaka 2258 mpaka 2262, ndipo sizoni yoyamba imatheradi usiku wolowera chaka chatsopano.

Ena sanavutike n'komwe ndi lamulo limeneli. Mu sewero la Lost ndege inagwera pachilumba pa 22 September 2004, tsiku lomwelo limene gawo loyamba linaonetsedwa, koma pofika 2008, masizoni anayi atadutsa, pachilumbapo panali patangotha masiku pafupifupi 100. Akuluakulu nkhope zawo sizisintha msanga, koma mwana sungamuuze kuti ayambe waima kukula. Mnyamata amene ankasewera Walt anatalika, mawu n'kuyamba kunenepa, olemba n'kumuchotsa pachilumbapo. Ana a mu Stranger Things nawonso: m'masizoni anayi oyamba nkhani inachoka 1983 kufika 1986, koma pa kanema ndi 2016 mpaka 2022. Pamenepa woonera amangotsinzina diso limodzi basi.

Palinso eni wailesi amene amasakaniza magawo. Firefly mu 2002, gawo lofotokoza mmene anthuwo anakumanirana linaonetsedwa pomalizira penipeni, mu December. Star Trek yoyambirira ya 1966 nayonso sinaonetsedwe motsatira mmene anaijambulira, n'chifukwa chake ma stardate ake amapita kutsogolo n'kubwereranso.

Ndiye ine ndimatere: munthu wa m'nkhanimo akanena yekha kuti patha miyezi itatu, kapena akatchula chaka, ndimagwira zimenezo. Stardate ndimaikhulupirira pa chaka chokha, osati pa mwezi. Tsiku loonetsera limabwera pambuyo, pokhapokha ngati masewero awiri ankaonetsedwa nthawi imodzi.

Kwa inuyo amene muli pa TNG, pitirizani mpaka mumalize magawo awiri a Chain of Command mu sizoni 6, kenako tsegulani gawo loyamba la DS9. Za a Cardassian, mtundu wa adani m'magawo amenewo, zikhala zikadali m'mutu, ndipo mumvetsa chifukwa chake O'Brien, mmodzi wa ogwira ntchito m'chombomo, wasowa mu Enterprise.