Switi yotupa m'kapu ya madzi

Funso: Mwana wanga wamkazi ali mu giredi 6. Aphunzitsi awauza kuti aliyense achite kafukufuku wa sayansi kunyumba, akafotokoze m'kalasi. Ine ndimagulitsa tomato, za sayansi sindizidziwa, ndalamanso ndi zochepa. Ndimuthandize bwanji? Ndine mayi wa ku Kapata, Chipata.

Yankho: Amayi, mukuti sayansi simuidziwa, chonsecho mukaviika nyemba madzulo mumadziwa kale kuti m'mawa muzipeza zitatupa. Tiyambire pomwepo, koma ndi switi, poti mwana adzaiyang'anira mwachidwi kuposa nyemba.

Mugule kapaketi kamodzi ka maswiti ofewa otanuka ngati labala, aja olembedwa gummy. Muonetsetse kuti pamndandanda wa zopangira pali mawu oti gelatine. Maswiti olimba omung'unya aja ayi, amangosungunuka n'kusiya madzi ofiira.

Pakhale makapu atatu ofanana, madzi ozizira theka m'kapu iliyonse. Yoyamba ikhale ya madzi okha, yachiwiri musungunulemo masupuni atatu a mchere, yachitatu masupuni atatu a shuga. Switi imodzi m'kapu iliyonse, ina itsale pambale youma kuti mudzafanizire nayo. Asanaponye, mwana ayeze switi iliyonse ndi rula, alembe mamilimita ake m'kope, alembenso imene akuganiza kuti itupa kwambiri. Apa m'pamene makolo ambiri timalakwa: timafulumira kumuuza yankho. Mulekeni alosere yekha, ngakhale aphonye. Pakatha maola 12 azivuule ndi supuni pang'onopang'ono, chifukwa yotupayo imanyenyeka msanga, ayezenso.

Ya m'madzi okha adzaipeza itafufuma ndipo itatumbuluka. Ya mumchere idzatupa pang'ono chabe, mwinanso kunyala. Ya m'shuga ndikusiyirani, akaone yekha.

Chimachitika n'chiyani? Gelatine amaipanga kuchokera ku zikopa ndi mafupa a nyama. Ndi yomweyo imagwiranitsa msuzi wa vimbombo ukagona n'kuzizira. Mkati mwa switi imakhala ngati kaukonde kosunga shuga wambiri. Madzi amalowera kumene kuli zosungunuka zambiri kuchoka kumene zili zochepa, ndiye ukondewo umatanuka osang'ambika msanga. M'kapu ya mchere kunja kwadzaza kale zosungunuka, choncho madzi olowa amachepa. Kusekondale, paphunziro la Biology, adzamva za osmosis, kayendedwe ka madzi kamene mizu ya chimanga imamwera m'nthaka. Inunso mumaziona: tomato woduladula mukamuwaza mchere, amatuluka madzi. Madzi otentha musayese, gelatine imasungunukiratu, ndipo maswiti ogona m'madziwo asadye.

Ineyo chimene ndimayang'ana pa ntchito ya mwana si kukula kwa switi, koma kope. Kodi madzi anali ofanana m'makapu onse? Analemba nthawi yoyambira? Anabwerezanso tsiku lina kuti aone ngati zikufanana? Wogwira ntchito mu labu ya pachipatala kapena woyeza mbewu kumalo ofufuzira zaulimi ku Msekera tsiku lonse amachita zomwezi, kungoti zida zake ndi zodula.

Akaonetsa chidwi, mukafunse aphunzitsi ngati pasukulupo pali kalabu ya JETS, imene imatengera ana ku mipikisano ya sayansi kuyambira pasukulu mpaka ya dziko lonse. Popita kumeneko atenge kope lake ndi zithunzi za pafoni, chifukwa switi yotupa siifika nayo yamphumphu.