Kwa mphwanga wa ku Ulongwe amene akukaphunzira kuulutsa ndege za asilikali

Mphwanga, funso lako ndaliona. Wati wasankhidwa kukaphunzira kuyendetsa ndege ku Força Aérea, watsala ndi miyezi itatu uli pakhomo, ndipo ukufuna kudziwa poyambira pa malamulo a mumlengalenga ndi kalankhulidwe ka pa wailesi ndi a pansanja yotsogolera ndege pabwalo. Wafunsanso ngati n'zoona zimene anzako akunena, zoti ndege ya asilikali siyendera malamulo a ndege za anthu wamba. Ine kwathu n'ku Domue, ndinagwira ntchito ya pansanja zaka zambiri, ndiye ndikuyankha ngati mkulu wako.

Anzakowo anamva mbali imodzi yokha. Pangano la ku Chicago la 1944, limene linabala bungwe la ICAO loona za maulendo a ndege pakati pa mayiko, limanenadi m'gawo lachitatu kuti ndege za boma, monga za asilikali, za apolisi ndi za kasitomu, sizili pansi pa panganolo. Koma gawo lomwelo likupitiriza kuti boma, polemba malamulo a ndege zakezo, lisamale chitetezo cha ndege za anthu wamba, komanso kuti ndege ya boma isadutse pamwamba pa dziko lina popanda chilolezo. Ndiye ukafika pa bwalo la ndege la Chingodzi ku Tete, pista yake, msewu wonyamukira ndi kuterapo ndege, ndi yomweyo imene zimaterapo ndege za kampani ya LAM, munthu wa pansanja ndi yemweyo, ndipo sadzakupatsa njira chifukwa cha yunifolomu. Malamulo a usilikali adzabwera kudzaonjezera pamwamba pa amenewo.

Za malirezo uziganizire kwambiri, chifukwa ife a ku Tete tazunguliridwa. Malawi ali ku Zóbuè ndi ku Calómuè, Zambia ku Cassacatiza, Zimbabwe ku Cuchamano. Ife tinakula tikuwoloka msewu wa pakati pa Dedza ndi Ntcheu kukagula mchere ndi sopo pa Lizulu osaganiza n'komwe kuti talowa dziko lina, ndipo maganizo amenewo ndi oopsa ukakhala m'ndege ya nkhondo. Ndege yophunzirira yothamanga ma knot 120 imadula makilomita pafupifupi anayi pa mphindi imodzi. Ukanyamuka ku Ulongwe n'kuweramira pa mapu mphindi zowerengeka, mphepo ikukukankhira kum'mawa, udzadzidzimuka uli pamwamba pa Malawi. Mlengalenga wathu amauyang'anira pansi pa FIR, chigawo cha mlengalenga, ya Beira, kutsidyako ndi ya Lilongwe, kwinaku ya Lusaka ndi ya Harare. Ndege ya asilikali ikalowa kwa eni popanda chilolezo, nkhani yake imakathera ku maboma awiri, ndipo dzina limene limalembedwa ndi la woyendetsa.

Koma chimene ndikufuna kuti uchimvetse kuposa zonse ndi cha pa wailesi. Kwathu tinaleredwa kuti wamkulu akalankhula sumufunsa kuti abwereze, umangovomera kuti "chabwino bambo" n'kukafunsa mnzako panja. Ku usilikali akakuphunzitsanso kumvera osayankha. Makhalidwe awiriwa ndi abwino pamalo pake, koma ukawakweza m'ndege amapha anthu.

Tsiku lina masana ndili pansanja, wophunzira wina anali akuyenda pang'onopang'ono kupita ku pista. Ndinamuuza kuti aime pa mzere wachikasu asanalowe, chifukwa ndege ina inali itatsala pang'ono kutera. Iye anangoti "roger". Ine, pokhala ndi zambiri m'khutu, ndinalandira yankholo n'kutembenukira ku lamya. Pokweza maso ndinaona gudumu lakutsogolo litadutsa kale mzere uja, ndege ikupitabe. Ndinakuwira yoterayo kuti ikwerenso, ndipo inatidutsa pamwamba injini zikulira, mawilo ali pansi. Madzulo mnyamatayo anabwera, kapu ili m'manja, milomo ili gwaa. Anandiuza kuti mawu anga anadukaduka, sanamve bwino, koma anaopa kufunsa kuti angaoneke mbuli pamaso pa instrutor wake. Mlandu unali wa tonse awiri: iye sanabwereze mawu anga, ine sindinamukakamize kutero.

"Roger" amangotanthauza kuti uthenga wafika m'khutu. Sakutanthauza kuti wavomera, kapena kuti uchita. Pali mawu amene lamulo limati uziwabwereza mmene wawamvera, n'kutsiriza ndi dzina la ndege yako: nambala ya pista, chilolezo cholowa, chodutsa, chonyamuka kapena chotera, lamulo loti uime, msinkhu umene wapatsidwa, kolowera, liwiro, nambala ya transponder (chida chodziwitsa ndege yako pa radar) ndi QNH (nambala ya kulemera kwa mpweya). Kubwerezako kumapatsa wa pansanja mpata wogwira cholakwa chisanakule. Ngati sunamve, nena "say again", kutanthauza kuti abwereze, kawiri kapena katatu ngati n'kofunika. Ngati wauzidwa chimene ndege yako singathe, kapena chimene chikulowetse mumtambo pamene sunaphunzire kuuluka ndi zida zokha, nena "unable". Annex 2 ya ICAO, buku la malamulo a mumlengalenga, imapereka mawu otsiriza pa za ndegeyo kwa woyendetsa wamkulu. Tsiku limene udzauluke wekha koyamba, wamkuluyo ndiwe. Ine sindinakwiyirepo wophunzira wofunsa kawiri. Amene ankandisowetsa mtendere ndi woyankha msanga ndi mawu okoma.

Mawu a pa wailesi anawasankha pambuyo pa maliro ambiri. Pa 27 Malichi 1977, ku Tenerife, ndege ziwiri zazikulu za KLM ndi Pan Am zinagundana pa pista muli nkhungu, n'kufa anthu 583, chifukwa woyendetsa wina anakhulupirira kuti waloledwa kunyamuka pamene sanaloledwe. N'chifukwa chake lero mawu akuti "take-off" amatchulidwa pokhapokha popereka kapena pochotsa chilolezocho. Nthawi zina zonse timati "departure". Usawasinthe mawuwa kuti amveke okoma.

Pa QNH ndikhalepo pang'ono. Chida choonetsa msinkhu chimayeza kulemera kwa mpweya basi, ndipo nambala imene wa pansanja akupatsa ndi imene imachiuza poyambira kuwerenga. Hectopascal imodzi, muyeso wa nambala imeneyi, ndi mafiti pafupifupi 30. Akakuuza 1003 iwe n'kuika 1013, chidacho chizikuonetsa kuti uli pamwamba ndi mafiti pafupifupi 300 kuposa pamene ulidi. Pamwamba pa Zambezi masana mwina ungaone ndi maso n'kukonza. Kwathu ku Angónia m'mwezi wa Juni, nkhungu itakuta phiri la Domue lotalika mamita oposa 2,000, mafiti amenewo sudzawapezanso. Ukakwera kudutsa msinkhu wosinthira, aliyense amaika 1013 kuti ndege zonse ziziwerenga mofanana, ndipo potsika umabwezera QNH ya pamalopo.

Misinkhu nayo ili ndi mbali zake. Wolowera pakati pa madigiri 0 ndi 179 a pa kampasi amatenga masauzande osagawika pawiri, monga 5,000 kapena 7,000. Wolowera pakati pa 180 ndi 359 amatenga 6,000 kapena 8,000. Wouluka poona ndi maso amaonjezerapo mafiti 500. Asilikali saloledwa kulinyoza lamuloli. Pa 13 Seputembala 1997, pamwamba pa nyanja kufupi ndi Namibia, ndege ya asilikali a Germany ya Tupolev 154 inagundana ndi C-141 ya asilikali a America. Ya ku Germany inali pa msinkhu umene sunali wa ndege zolowera kumene inkapitako. Anthu 33 anafa, palibe anapulumuka.

Za kupatsana njira uziloweza pamtima, ndipo chenjera ndi dzanja lako. Pa msewu wa ku Moatize timayenda kumanzere, ndiye thupi linazolowera kuthawira kumanzere. Mumlengalenga, ndege ziwiri zikayang'anizana maso ndi maso, iliyonse imakhotera kumanja. Mukamakumana mopingasa, amene akuona mnzake kudzanja lake lamanja ndiye amapatuka. Popitirira mnzako umadzeranso kumanja. Ndege ziwiri zikamatera, yotsikirapo ndiyo imatsogola.

Pouluka ndi maso pansi pa mafiti 10,000, lamulo wamba la ICAO limafuna kuti uziona makilomita 5 kutsogolo, ndi kutalikirana ndi mtambo mamita 1,500 chammbali ndi mafiti 1,000 pamwamba kapena pansi. Kuno mdani si mitambo ya dzinja yokha. Seputembala ndi Okutobala, lupsa likamapsa, kumwamba kumaoneka koyera ukakhala pansi, koma ukakwera umapeza utsi wabisa mapiri. Nthawi yomweyo Tete amatentha kupitirira madigiri 40, mpweya umapepuka, ndipo ndege imadya pista yaitali isananyamuke. Ndipo pali chiyeso chimene chimagwira ophunzira ambiri, chofuna kudutsa chapansipansi pamwamba pa mudzi kuti amayi aone. Lamulo likuti mafiti 1,000 pamwamba pa chinthu chachitali m'tauni kapena pa khamu la anthu, ndi mafiti 500 kwina konse. Mawaya a magetsi ochokera ku Songo suwaona mpaka utawafika. Kuuluka chapansi adzakuphunzitsa m'malo ake, ndi chilolezo.

Nambala zangozi ndi zochepa: 7700 pa transponder ukakhala pamavuto, 7600 wailesi ikafa, 7500 ndege ikalandidwa. Wailesi yangozi ndi 121.5, ndipo asilikali alinso ndi 243.0. "Mayday" katatu moyo ukakhala pachiswe, "pan pan" katatu pa vuto lofuna changu. Wailesi itafa, yang'ana kunsanja: nyale yobiriwira yosathima ikuti tera, yofiira yosathima ikuti patuka uzizungulira, yofiira yophethira ikuti usatere.

Miyezi itatuyi, usathamangire mabuku a injini, amenewo akakupatsa kusukulu. Limbana ndi Chingelezi cha pa wailesi, pakuti ICAO imafuna mlingo wachinayi wa luso la chilankhulochi kwa oyendetsa ndege za pakati pa mayiko, ndipo iwenso udzalankhula ndi Lilongwe ndi Harare. Uli ndi mwayi woti wailesi za ku Malawi zimamveka pakhomo panu. Ife olankhula Chichewa timasakaniza l ndi r, ndiye yeserera mokweza mawu ngati "left", "right", "runway" mpaka alekane bwino. Loweza mayina a zilembo a pa wailesi, Alfa mpaka Zulu, pomawerenga manambala a machapa (maminibasi) pa msika wa Ulongwe, nambala iliyonse payokha, 3 ngati "tree", 9 ngati "niner". Ika wotchi yako pa UTC, nthawi yogwiritsa ntchito pa ndege dziko lonse, imene ili kumbuyo kwathu ndi maola awiri, uzizolowera kuwerenga nthawi kawiri. Werenga Annex 2, kenaka AIP ya Mozambique, buku la boma la za maulendo a ndege, mmene muli mapu a mabwalo ndi madera oletsedwa. Jambula pista ya Chingodzi, ndi manambala a mbali zake ziwiri, 01 ndi 19, pabwalo la kwanu ndi kamtengo, mlongo wako akhale wa pansanja azikuwerengera malamulo amene walemba papepala, iwe uziyenda ukubwereza. Umuuze kuti nthawi zina azimeza mawu dala, kuti pakamwa pako pazolowere kunena "say again" mopanda manyazi.